Mmene Chambo Chimabadwira pa Kompyuta

Woyenda pa msewu wochoka pa boma la Mangochi kulowera ku Monkey Bay amawerenga, afune asafune. Pa Namiasi, pa Makawa, pa Nkopola, zikwangwani zangoti ndandanda: malo ogona alendo, malo odyera, mashopu a mafoni, sukulu za mkaka, mizikiti ndi matchalitchi. Zina n'za penti ndi bulashi, ndipo dzanja la amene analemba limaonekera pa chilembo chilichonse. Koma zambiri za masiku ano zinayamba zaonekera pa sikirini ya kompyuta zisanafike pamsewupo. Ntchito yopanga zithunzi ndi kompyutayi eni ake amangoti graphics, ndipo malo abwino oionera ndi kumbuyo kwa munthu amene akuigwira.

M'kashopu kena pafupi ndi msika wa pabomapo munabwera mayi wina wa lesitilanti kudzapangitsa chikwangwani cha mamita awiri. Ankafuna pakhale chambo. Chithunzi anali nacho kale, mwana wawo anajambula ndi foni kudoko n'kutumiza pa WhatsApp. Mnyamata wa pakompyutayo anachitsekula, n'kuyamba kuchikulitsa pa diso la nsombayo. Diso linakula, linakulabe, kenako linasiya kukhala diso. Panangotsala timabokosi tondondozana m'mizere, kalikonse ndi mtundu wake umodzi basi.

"Mwaona, mayi? Tikachikoka kuti chikwane mamita awiri, anthu aziona timabokositi, osati chambo."

Timabokosi timeneti ndi mapikiseli. Chithunzi chilichonse chojambulidwa ndi foni n'chopangidwa ndi iwo, ngati mikanda yosokeredwa pa nsalu mothithikana mpaka diso kuona duwa, osaonanso mikandayo. Sikirini ya malaputopu ambiri imakhala ndi mapikiseli 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, onse pamodzi oposa 2 miliyoni. Chodabwitsa kwambiri chili mkati mwa pikiseli imodzi. Muli timadontho titatu towala: kofiira, kagirini ndi kabuluu. Dontho la madzi likagwera pa sikirini ya foni yoyaka limakulitsa malowo, ndipo mitundu itatuyo imaoneka ndi maso. Kompyuta imauza kadontho kalikonse mphamvu yoti kawale nayo, ndi nambala yoyambira pa 0 kulekeza 255. Tonse titatu tikakhala pa 255, pikiseli imayera mbee. Tonse tikakhala pa 0, imada bii. Kofiira ndi kagirini tikayaka pamodzi kabuluu katazima, pamatuluka chikasu, zimene munthu wozolowera kusakaniza penti sangayembekezere. Manambala atatu okhawa amabereka mitundu yoposa 16 miliyoni. Ndiye kuti diso la chambo lija, ndi kunyezimira kwake konse, kompyuta imalisunga m'manambala.

Vuto n'lakuti mapikiseli a chithunzi ndi owerengeka, ndipo WhatsApp imawachepetsanso kuti chithunzi chisadye bandulo. Kuchikoka sikuwonjezera kanthu, kumangofufumitsa omwe alipowo. Mnyamatayo anaganiza zochijambulanso.

Anatsekula CorelDRAW, pulogalamu yomwe inatuluka koyamba mu 1989 ndipo ili m'mashopu ambiri osindikiza. Chithunzi cha mayi chija anachiika pansi, n'kuchizimiriritsa kuti chizioneka mwa chizimezime. Dzanja lamanja pa mausi, lamanzere pa kiyibodi. Anadina pa mlomo wa chambo, panakhala dontho. Anadumpha mpaka pamwamba pa mutu, pamene msana umayambira kukwera, n'kudinanso, koma ulendo uno sanachotse chala. Anakoka. Padonthopo panatuluka timizere tiwiri towongoka, kena kutsogolo kena kumbuyo, ndipo mzere wolumikiza madontho awiriwo unapindika motsatira. Akakokera kamzereko m'mwamba, mutu wa nsomba unkatukuka, akakafupikitsa, unkaphwa. Timizereti ndi zogwirira chabe, posindikiza sitituluka.

Mzere wopindikawu kompyuta siusunga m'mapikiseli. Imangosunga malo anayi: poyambira, pothera, ndi nsonga ziwiri za zogwirira zija. Zotsalazo imawerengera yokha ndi masamu nthawi iliyonse ikamauonetsa. Nzeruyi inachokera kwa opanga magalimoto ku France. Paul de Casteljau wa ku Citroën anaipeza mu 1959, ndipo Pierre Bézier wa ku Renault anaifalitsa m'zaka za m'ma 1960, onse pofuna kujambula matupi a magalimoto molondola. Mpaka lero mizereyi imadziwika ndi dzina la Bézier. M'nyengo yomweyo, mu 1963, Ivan Sutherland ku MIT ku America anaonetsa Sketchpad, pulogalamu imene munthu ankajambula nayo pa sikirini penipeni ndi cholembera chapadera. Chithunzi cha mizere yotere amati vekita. Kuchikulitsa n'kungochulukitsa manambala, choncho chambo chomwecho chikhoza kukhala pa kakhadi ka m'thumba lero, mawa pa khoma lonse la lesitilanti, m'mphepete mwake muli mosalala chimodzimodzi.

Umisiri wa mnyamatayu unaonekera pa kuchepa kwa madontho ake. Wophunzira kumene amadina paliponse potsata thupi la nsomba, poganiza kuti kuchulutsa ndiko kulondola, ndipo mzere umatuluka wa mabampu. Iye ankaika dontho pokhapokha pamene thupi lasintha njira: pa mlomo, pa chitunda cha msana, pamene thupi limawondera kulowa kumchira, pa nsonga za mchira, pansi pa mimba. Pakati pa madonthowo ankangosewera ndi zogwirira, kukoka pang'ono, kubweza, kutsamira kumbuyo pa mpando n'kuyang'ana, kukokanso. Chipsepse cha pamsana chinamudyera nthawi. Cha chambo n'chachitali, kutsogolo kuli minga, kumbuyo n'kofewa, ndipo iye anasiyanitsa mbali ziwirizo: madontho a ngodya zakuthwa pa minga, madontho osalala kumbuyoko. Anachita bwino kusamala, chifukwa munthu wa kunyanja sanamizika pa nsomba. Thupi likangowonda n'kutalika pang'ono, anena kuti mwajambula ncheni.

Chiwalo chilichonse anachiika pa leya yakeyake. Leya ndi tsamba loonekera mkati, ndipo masambawo amasanjikizana: thupi pansi, mamba pamwamba pake, kenako mizere yakuda ya m'nthiti, diso pamwamba pa zonse. Akafuna kukonza mamba, zina zonse zimakhala chilili. Mambawo sanawajambule onse. Anajambula limodzi, analikopa mpaka linadzaza mzere, anakopa mzerewo mpaka inakhala mizere yambiri, kenako anailowetsa mkati mwa thupi kuti otuluka kunja adulike okha. Pa mtundu anasankha iwiri yokha, wotuwa moderapo kumsana ndi woyera kumimba, ndipo kompyuta inadzaza yonse ya pakati, kusintha pang'onopang'ono popanda malire ooneka. Chomaliza chinali kadontho koyera kumtunda kwa diso. Kasanaikidwe, nsombayo inkaoneka ya dzana. Katangoikidwa, inakhala yovuulidwa m'mawa womwewo.

"Chiyang'ane kuti, mayi?"

"Chiyang'ane ku dzina, achimwene, chisaoneke ngati chikuthawa."

Anadina kamodzi, chambo chinatembenuka.

Zilembo nazonso ndi mavekita, n'chifukwa chake zimakula popanda kuwonongeka. Banja lililonse la zilembo amati fonti, ndipo ku Mangochi kusankha fonti kuli ndi zake. Mafonti ena alibe ŵ, moti wofuna kulemba Malaŵi amapeza kabokosi kopanda kanthu pakati pa dzina. Chikwangwani cha mzikiti kapena madrasa chimafuna Chiarabu, chomwe chimayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, zilembo zake n'kumasintha maonekedwe malinga ndi pomwe zakhala m'mawu. Pulogalamu yosakonzedwa bwino imazimwaza n'kuzitembenuza. Atamaliza kulemba dzina la lesitilanti, mnyamatayo anasandutsa zilembozo kukhala mizere wamba, kuti kompyuta ina yopanda fonti imeneyo isazisinthe.

Manambala omwewa ndi amene ali pansi pa zithunzi zina zambiri zimene timaona osaganizako. Mayi woyembekezera akapita kusikani kuchipatala, makina amatumiza phokoso losamveka ndi khutu, n'kusandutsa kubwerera kwake kukhala mapikiseli oyera, otuwa ndi akuda. Mapu osonyeza njira ya namondwe Freddy amene anthu ankatumizirana mu Marichi 2023 anali miyezo ya mphepo ndi mitambo yopakidwa mitundu. Misewu ndi gombe la pa mapu a pa foni ndi mavekita, n'chifukwa chake Cape Maclear sachita timabokosi mukamukulitsa. Wojambula mapulani amaonetsa nyumba isanamangidwe, yozungulika mbali zonse, pomwe kompyuta imawerengera kumene dzuwa lingagwe ndi kumene mthunzi ungakhale. Njira yomweyo ndiyo inapanga Toy Story mu 1995, filimu yaitali yoyamba yopangidwa yonse pa kompyuta.

Kuchoka pa sikirini kupita pa nsalu ya pulasitiki pali mtsinje wina wowoloka. Sikirini imawala yokha, pomwe nsalu imangobweza kuwala kwa dzuwa, ndiye mitundu yake imasakanizidwa mwa njira ina. Pulinta imagwiritsa ntchito inki zinayi: buluu wowala, pinki wakuya, chikasu ndi yakuda, zimene pantchitopo amazitchula mwachidule kuti CMYK. Buluu wa nyanja amene amakoma pa sikirini nthawi zambiri amatuluka wozizira. Mnyamatayo anayamba wasindikiza kachidutswa, n'kutuluka nako panja kukakayang'ana padzuwa, popeza chikwangwani chidzakhala padzuwapo. Anabwerera, anachepetsa pinki mu buluuyo, n'kutumiza ntchito yonse. Mutu wa pulinta unkathamanga uku ndi uku ukulavula timadontho ta inki tosaoneka ndi maso, nsalu n'kumatuluka pang'onopang'ono, mchira poyamba, mutu pomaliza.

Mayi aja anapemphanso chambo china chomata pa galasi la pakhomo. Fayilo inali yomweyo, koma makina anali ena, odula sitika. M'malo mwa inki muli kampeni kakang'ono, ndipo kampeniko kamayenda m'mizere yeniyeni imene dzanja linaika, dontho ndi dontho, kudula pepala la pamwamba lokha osaboola la pansi. Mzere ukanakhala ndi mabampu, kampeniko kakanawadula onse mokhulupirika. Mnyamatayo anatenga singano n'kuyamba kutola tizidutswa tosafunika, pakati pa minga ya chipsepse, mozungulira diso, mkati mwa zilembo a ndi o. Pamwamba anaphimbapo tepi yonyamulira kuti zidutswa zonse zichoke pamodzi zisanasokonekere. Pagalasipo anayamba kumata pakati, akukhula ndi kakhadi kolimba kulowera m'mbali kuti mpweya utuluke, kenako anasenda tepiyo mwapang'onopang'ono, moigoneka. Pamimba pa nsomba panatsala kathovu kamodzi. Anakaboola ndi singano ija n'kukasalaza ndi chala chachikulu.