Mayina a Amayi Irene Mambilima, otchulidwa padoko la Chanyanya

Ombani mpanje, anyamata, mbalule ayankhe! Asodzi, kokerani mabwato kumtunda, maukonde auma okha lero. Amayi ansomba, vundikirani madengu, zotsatsana malonda mawa. Pano pa Chanyanya, m'mphepete mwa Kafue, tikutchula munthu wamkulu.

Ndinu Amayi Irene Mambilima, mwana wa a Chirwa, wakum'mawa ku Chipata. Mbadwa ya 1952, dziko lino likutchedwabe Northern Rhodesia. Mbendera ya ufulu pokwera mu 1964 munali ndi zaka 12, ndipo Zambia yense, kuyambira ku Mbala mpaka ku Livingstone, anali ndi anthu adigiri ongopitirira pang'ono 100. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966. Pofika 1976 inu munatulukamo ndi digiri ya zamalamulo m'manja. Kalambulabwalo! Mwanamkazi Wosafunsa Njira, poti oifunsa kunalibe. Mpondamatiki wa mabuku, wokatenga digiri ina ku London n'kubwerera kwawo!

Nthungululu, amayi, nthungululu!

Loya wa boma wa mu 1977. Mkulu wa ofesi ya Legal Aid, kumene kumapita munthu wamlandu wopanda ndalama yolipira loya. Ife a kuno tikudziwa kulemera kwa ofesi imeneyo. Msodzi akagwidwa ndi ukonde m'miyezi yotseka mtsinje, Disembala mpaka Febuluwale, amaima pamaso pa majisitireti chisoti chili m'manja, chikalata cha mlandu atachipinda kanayi m'thumba la malaya, osadziwa chomwe chalembedwamo. Amamva dzina lake lokha, zina zonse n'Chingerezi. Anthu otere ndi amene munayamba kuwaimira musanakhale pampando woweruza. Pakamwa pa Osalankhula! Mthunzi wa Amphawi! Kenako jaji wa Khoti Lalikulu, kenako wa Khoti la Supreme, makwerero onse munawaponda limodzilimodzi, osadumpha.

Tsopano mbalule atsike pang'ono, mawu amveke, pakuti dzina likubwerali ndiye lalikulu.

Mwerengi Wosabera! Wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho, amene munasunga mabokosi a dziko mu 2006, mu 2011 ndi mu Januwale 2015. Ife timadzuka m'mamawa, timaima pamzere padzuwa, timachonga, chala n'kudetsedwa ndi inki, basi. Kapepala kakagwera m'bokosi sitikaonanso. Timangokhulupirira kuti kwinakwake ku Lusaka kuli munthu amene sadzasandutsa 7 kukhala 1. Munthuyo munali inu.

Kumbukirani Seputembala wa 2011. Tinavota pa 20, zotsatira n'kumachedwa, ku Kitwe ndi ku Ndola miyala n'kuyamba kuuluka. Pampando panali a Rupiah Banda, akwanu akum'mawa, ndipo chipani chawo cha MMD chinali chitalamulira zaka 20. Aliyense amadziwa mmene zimathera nkhani zotere m'maiko ena. Koma usiku wolowera pa 23, dziko linamva kuti apambana ndi a Michael Sata. A Banda anavomereza, misozi ili m'maso, mpando n'kusintha mwini popanda mfuti kulira. Wosadziwa Mbale Powerenga! Mayi Wopanda Mwana Wapamtima! Sikelo Yosapendekeka!

A Sata atamwalira mu Okutobala 2014, tinavotanso pa 20 Januwale 2015. A Edgar Lungu ndi a Hakainde Hichilema anasiyana ndi mavoti osakwana 30,000. Ogonja anang'ung'udza, ndipo tisanamizane, chisankho chopanda wodandaula sichinachitikepo. Koma dziko linagona, m'mawa minibasi za ku Kafue zinanyamuka monga mwa masiku onse, nsomba zathu n'kukafika kumsika wa Soweto ku Lusaka.

Kwezani ng'oma! Chaka chomwecho cha 2015 munalumbira kukhala Jaji Wamkulu wa Zambia, mayi woyamba kupatsidwa mpandowo kotheratu. Tisaiwale, Amayi Lombe Chibesakunda anali ataugwirizira inu musanafike. Wotamanda wosatchula mnzake ndi wabodza. Kuyambira 1964 mpaka 2015, zaka zopitirira 50, opatsidwa mpando umenewo kotheratu anali amuna okhaokha, ngati kuti nzeru zoweruza zimamera ndi ndevu. Mphwanya Mwambo Wachabe! Mkanjo Wolemera Pamapewa Oyenera! Mayi wa Makhoti, kuyambira la Supreme ku Lusaka mpaka kakhoti kakang'ono kumene amakambira za mbuzi yodya chimanga cha mwini!

Imfa inakupezani pantchito, kutali, ku Cairo, pa 20 Juni 2021, kutatsala milungu yochepa kuti dziko livotenso pa 12 Ogasiti. Munali ndi zaka 69. Tinamva pa wailesi, ena tili pamadzi.

Ovina, lowani m'bwalo, fumbi likwere! Atsikana asukulu, bwerani kutsogolo muwatchule nokha, mokweza, amve a tsidya lija: Kalambulabwalo! Pakamwa pa Osalankhula! Mwerengi Wosabera! Mwana wa a Chirwa, Irene Mambilima, Jaji Wamkulu wa dziko la Zambia!