Pa Mndandanda Kapena M'foda? Kusanthula Mau a M'mbali mwa Windo la Mafayilo

Aliyense amene anatsegulapo windo loonetsa mafayilo pa kompyuta, kaya ndi File Explorer ya Windows, Finder ya Macintosh kapena Files ya GNOME, anaona kuti kumanzere kwa windolo kuli mzere wopyapyala wa maina otsetsereka m'munsi: Desktop, Documents, Downloads, ndi ena amene mwini kompyuta anaikapo yekha. M'nkhani ino mzere umenewu tiziutcha mndandanda wa m'mbali. Ntchito yophunzitsa anthu kuyendetsa makina ili ndi eni ake, ndipo ife sitifuna kuwalanda. Chathu ndi kusanthula mau amene akonzi a mapulogalamuwa anasankha, popeza tiona ngati mau amenewa abisa mfundo imene munthu ayenera kuidziwa asanakhudze kalikonse kumanzereko, yakuti zambiri zimene zili pa mndandandawo ndi maina chabe oloza kumene mafoda ali, osati mafoda enieniwo.

Chimene chatiutsa ndi ichi. Wophunzira wathu wina wa chaka chomaliza, amene anatha miyezi iwiri akujambula mau a okalamba m'midzi ya kwao, anafika mu ofesi mwathu nkhope itagwa, nanena kuti foda yonse ya zojambulazo yasowa. Iye anangofuna kuiika pa mndandanda kuti aziipeza msanga. Anaikoka ndi mausi naisiya kumanzere. Pamalo pake inachokadi, koma pa mndandandapo sinaoneke. Tinaipeza patapita ola lathunthu itabisala m'kati mwa foda ya Pictures. Akanaisiya pakati pa maina awiri, pamene pamaoneka kamzere kopingasa, kompyuta ikanangolemba dzina latsopano pa mndandanda. Koma popeza dzanja linaphonya ndi mamilimita awiri kapena atatu, naisiya pamwamba pa dzina lina, kompyuta inamva ngati yalamulidwa kusamutsa katundu yense. Tidziwanso mphunzitsi mnzathu amene wasunga pa mndandanda wake maina a ntchito zimene anamaliza kalekale, poopa kuti akachotsa dzina ndiye kuti wataya ntchito. Onse awiriwa chawasokoneza ndi chimodzi.

Kusiyanitsa dzina ndi mwini dzina ndi phunziro loyamba la maphunziro a matanthauzo. Gottlob Frege m'chaka cha 1892 anapereka chitsanzo cha nyenyezi ya m'mawa ndi nyenyezi ya madzulo, maina awiri oloza chinthu chimodzi, ndicho Venus. Chitsanzochi kwathu kuno si chachilendo: Alice Werner analemba kuti Anyanja ankati mwezi uli ndi akazi awiri, Chekechani wa kum'mawa ndi Puikani wa kumadzulo, pamene thambo lili ndi mkazi mmodzi yekha. Ogden ndi Richards, m'buku lao la 1923, anajambula mfundo yomweyi ngati chinthu cha ngodya zitatu, ndipo mzere wolumikiza liu ndi chinthu anaulemba ndi timadontho, kusonyeza kuti ziwirizi sizigwirana mwachindunji. Pa kompyuta zili chimodzimodzi. Foda ikhala pamalo amodzi, koma ingathe kukhala ndi maina oiloza pamalo khumi, ndipo kufufuta limodzi la mainawo sikukhudza fodayo.

Akonzi oyamba anaizindikira ngozi imeneyi ndipo anaiikira chizindikiro. Pamene Apple inabweretsa chimene inachitcha "alias" mu System 7 m'chaka cha 1991, dzina lake linkalembedwa m'zilembo zopendekera kuti lisiyane ndi la fayilo yeniyeni. Microsoft, pobweretsa "shortcut" mu Windows 95, inaika kamuvi kokhota pa ngodya ya kachithunzi. Wophunzira galamala anganene kuti zilembo zopendekerazo ndi kamuviko zinali ngati mphatikiri: kanthu kakang'ono kophatikizidwa ku liu, kouza womva gulu la liulo. Tsono pamene mndandanda wa m'mbali unalowa mu Finder m'chaka cha 2003, pa Mac OS X 10.3, mphatikiriyu anasiyidwa. Dzina loloza linavala chovala chimodzimodzi ndi chinthu cholozedwa, ndipo ntchito yonse yosiyanitsa inatsalira mau a pamutu pa mndandanda.

Mau amenewo ndiwo sanakhazikike. Apple inati "Places" m'chaka cha 2007, nisintha kuti "Favorites" m'chaka cha 2011. Microsoft inayamba ndi "Favorite Links" mu Windows Vista, niti "Favorites" mu Windows 7 m'chaka cha 2009, "Quick access" mu Windows 10 m'chaka cha 2015, ndipo m'chaka cha 2022 tsamba loyamba la File Explorer mu Windows 11 linatchedwa "Home". Mwana wosinthidwa dzina kawirikawiri chotere, makolo ake sanagwirizane kuti ndi wa yani. Liu lakuti "Favorites" linena za mtima wa munthu, ngati kuti alipo wina amene amakonda foda ya mayeso osachonga. "Quick access" linena za changu. Onse awiri sanena kanthu za chimene chili pa mndandanda. "Places", limene pulogalamu ya Dolphin ya KDE imagwiritsanso ntchito, ndilo losocheretsa koposa, chifukwa litcha chikwangwani kuti mudzi. Mwa maina onse a Microsoft, loyamba lija ndilo linali ndi liu loona, "Links", ndipo ndilo linatayidwa msanga.

Tiyenera kuyamikira a GNOME, amene anasankha "bookmark", kapepala kamene munthu amaika m'buku kuti akumbukire pamene analekeza. Fanizo ili lokha ndilo liphunzitsa bwino, pakuti aliyense adziwa kuti kutaya kapepalako sikung'amba tsamba. Ndipo zochita zao zigwirizana ndi mauwo: maina onse amasungidwa m'fayilo wamba yotchedwa bookmarks, m'foda ya .config/gtk-3.0, mzere uliwonse uli njira yopita ku foda imodzi, moti munthu angaitsegule ndi kuiwerenga ndi maso. Koma kuloza ndi njira kuli ndi mtengo wake. Foda ikasamutsidwa pulogalamuyo osadziwa, dzina limatsala likuloza pabwalo, monga munthu anganene kuti "nyumba ija" nyumbayo itagwa kale. "Alias" ya Macintosh siitero kawirikawiri, chifukwa imasunganso nambala yozindikirira fayilo, motero imailondola ngakhale itasinthidwa dzina kapena malo pa disiki yomweyo.

Chisokonezo chachikulu tichipeza mu Windows 10 ndi 11, mmene mitundu itatu ya zinthu yaimikidwa mu mzere umodzi. Pamwamba pali maina amene munthu anaika yekha, ndipo okhawa ali ndi kachizindikiro ka pini kumapeto. Pakati pao pamalowa maina a mafoda otsegulidwa kawirikawiri, amene amabwera okha ndi kuchoka okha. Wosawafuna angawaletse mu Folder Options, pa gawo la Privacy, koma ndi angati amene anafikako? M'munsimo, pansi pa "This PC", muli mafoda enieni. Amene waphunzira pamwamba kuti kuchotsa dzina kulibe vuto, akatsika masentimita ochepa nasankha "Delete", wataya katundu. Ngati foda ili pa disiki ya m'kati, adzaipeza mu Recycle Bin. Ngati ili pa fulashi, nthawi zambiri siipita m'menemo konse, imangofufutika.

Tsopano tibwere ku Chichewa, pakuti apa ndi pamene wophunzira chilankhulo ali ndi chonena. Munthu akamakoka foda mu Windows, pafupi ndi mausi pamatuluka timau tomuuza chimene chichitike: "Pin to Quick access" kapena "Move to Pictures". Kunena chilungamo, aneni awiriwa ndi osiyana, ndipo wowerenga mofatsa sangasochere. Koma dzanja likamayenda diso siliwerenga mofatsa, ndipo mperekezi m'ziganizo zonse ziwiri ndi mmodzi, "to", amene sanena ngati chinthu chikukhala pamwamba kapena chikulowa m'kati. Chingerezi chili nao mau osiyanitsira zimenezi, koma akonziwo sanawagwiritse ntchito. M'Chichewa mwai wozemba wotere palibe. Taonani ziganizo izi:

(1) Ika foda pa mndandanda.
(2) Ika foda m'foda ya zithunzi.

Mneni ndi yemweyo, koma palibe mwana wa Sitandade 1 amene angazisokoneze. Aphatikiri a malo pa-, ku- ndi mu-, amene pa kawerengedwe ka Meinhof ali magulu 16, 17 ndi 18, amakakamiza wolankhula kusankha. Chimene chili "pa" chinthu chimaoneka ndipo chingachotsedwe popanda kutsegula kanthu. Chimene chili "mu" chinthu chalowa, chabisika. Mgwirizano umabwerezanso kusiyanaku: pa mndandanda pali maina, m'foda muli mafayilo. Galamala yathu imanena kawiri chimene Chingerezi cha pa sikirini sichinena n'komwe.

Za aneni nazo n'zofunika kusamala. Finder imati "Remove from Sidebar", Windows imati "Unpin from Quick access", ndipo kwina m'windo lomwelo muli "Delete". Womasulira wofulumira angaike "chotsa" pa onse atatu, ndipo sitingamutsutse kuti walakwira dikishonale. Koma "chotsa" ndi liu lotakata kwambiri: tichotsa mphika pamoto mphikawo nukhalabe wathunthu, tichotsanso dzino losabwereranso. Ife tiganiza kuti ntchito zitatu ziyenera aneni atatu. Pa "pin" ndi "unpin" tili nao kale awiri otsutsana, "mata" ndi "matula", opangidwa monga "tseka" ndi "tsekula", "yala" ndi "yalula"; womatula chidziwitso pa chitseko adziwa kuti msonkhano wolengezedwawo sanauthetse. Potumiza fayilo ku Recycle Bin tinene kuti "taya", popeza chotayidwa kudzala munthu angakachitole. "Fufuta" tilisungire pamene palibe kubwerera.

Liu la "shortcut" ndilo latipatsa mutu. "Njira yachidule" ndi Chichewa chabwino, ndipo fanizo lake n'loona, chifukwa kutseka njira yachidule sikugwetsa mudzi. Koma pa sikirini malo ndi ochepa, ndipo anthu adzalifupikitsa kuti "chidule". Tsono "chidule cha lipoti" aliyense adzamva kuti ndi lipoti lofupikitsidwa, fayilo ina yokhala ndi mfundo zikuluzikulu, ndipo wina adzachitumiza kwa mkulu wake poyesa watumiza kanthu. Ife tikonda "cholozera", ngakhale tivomera kuti silikoma m'kamwa ngati linzakelo.

Wina angatifunse kuti zonsezi n'zachiyani, popeza anthu athu amagwiritsa ntchito kompyuta m'Chingerezi, ndipo pakamwa pao mau onga "kudilita" ndi "shotikati" anakhazikika kale. Kubwereka mau sitikudana nako. "Foda" ndi "fayilo" tawagwiritsa ntchito m'nkhani yonseyi mopanda manyazi. Koma sikirini ingakhale m'Chingerezi, kuphunzitsana kumachitika m'Chichewa. Mlembi wakale polangiza watsopano mu ofesi, kapena mwana polangiza bambo ake, amanena kuti "ingochotsani pamenepo", ndipo wolangizidwayo ndiye amasankha yekha pakati pa "Unpin" ndi "Delete". Ngozi imachitikira m'chiganizo chapakamwa chimenecho, kumene kulibe kampani ya ku America imene ingatikonzere.

Wophunzira wathu uja tinamuuza zinthu ziwiri. Choyamba, kuti akanadina Ctrl ndi Z nthawi yomweyo, foda ikanabwerera pamalo pake, monga Command ndi Z imachitira pa Macintosh. Chachiwiri, kuti asiye kukoka ndi dzanja ndipo azilamula ndi mau: adine foda ndi batani la kumanja nasankhe "Pin to Quick access", pa Finder lamulo lake ndi "Add to Sidebar", pa Files ya GNOME ndi Ctrl ndi D. Malamulo amenewa sangasamutse kanthu ngakhale dzanja litanjenjemera. Iye anamvetsa, koma anatifunsa funso limene tilipereka kwa anzathu m'dipatimenti: ngati "mata" ndi "matula" akwanira maina amene munthu waika yekha, nanga aja amene kompyuta imaika yokha ndi kuwachotsa yokha tidzati amatidwa ndi yani? Mwina msintho wa "-ik-" ungathandize, kuti tinene kuti "amatika" ndi "amatuka", popeza msintho umenewu sutchula wochita. Koma "amatika" ndi "amatuka" polemba afanana ndi mau ena, ndipo "amatuka" makamaka owerenga ambiri adzaliwerenga ngati likunena za munthu wamwano.