NYUMBA YA KANEMA IKASANDUKA BWALO: ZA BRIXTON ACADEMY

Ku Brixton, kumwera kwa London, kuli chinyumba chimene chidatsegulidwa mu 1929 ndi dzina loti Astoria. Chidali cha kanema, ndipo filimu yoyamba kuonetsedwamo idali The Singing Fool ya Al Jolson. Kanema adalekekamo mu 1972. Mu 1983 Simon Parkes adagula ufulu wochibwereka ndi paundi imodzi yokha, nachisandutsa bwalo la oimba lotchedwa Brixton Academy.

Ambiri amayamika kusinthaku, ndipo sakulakwa. Amisiri adamanga pansi pake motsetsereka kuti wokhala kumbuyo aziona chinsalu. Mipando yapansi itachotsedwa, kutsetsereka komweko kudathandiza khamu loimirira kuona siteji. Zokongoletsa zakale zotengera ku Italy zikadalipo. Chachikulu nchakuti pamene padali zithunzi zosamva kuwomba m'manja, lero pamaima munthu wathukuta amene amayankha omvera ake. Mommuno gulu la The Smiths lidaimba komaliza mu Disembala 1986, pa konsati yotsutsa tsankho la ku South Africa.

Komatu oyamikawo amaiwala chinthu chimodzi. Woonera kanema amalowa pamzere, nakhala pampando wake, pakamwa ali duu. Wodzamva nyimbo sakhazikika: amavina, amathamangira kutsogolo, ndipo akachedwa panja pamene ng'oma yayamba kale mtima umamuwawa. Nyumba njomweyo, koma khamu ndi lina. Pa 15 Disembala 2022, Asake wa ku Nigeria akuimba, anthu adapanikizana pamakomo, ndipo awiri adamwalira pambuyo pake. Khonsolo ya Lambeth idaimitsa chilolezo cha nyumbayi, ndipo idatsegulidwanso mu Epulo 2024 itapatsidwa malamulo 77 oti iziwatsata.

Ife amene timapenda zisudzo ndi nyimbo tili nayo mbali pa mlanduwu. Timadzaza masamba ndi za magetsi, mawu ndi zovala za osewera, koma za khomo sitilembapo kanthu, ngati kuti omvera amatsika kudenga. Tsono anzanga, pamene mubwereka holo kapena kalasi yomangidwira ntchito ina kuti muonetsemo sewero lanu, musayambe nkuyeza siteji. Yambani mwawerenga makomo, muone kumene zitseko zimatsegukira, ndipo mudzifunse kuti anthu amene mwawaitanawo adzatuluka bwanji.