Cithunzithunzi ca Mai wa ku Nipomo

Ambiri a ife timayesa kuti cithunzithunzi sicinama, pakuti makina ojambulira alibe lilime. Koma tiiwala kuti makinawo ali m'manja mwa munthu, ndipo munthuyo ndiye asankha colowa m'cithunzimo ndi cotsala kunja.

Tione nkhani ya ku America. M'mwezi wa March 1936, masiku a umphawi waukuru m'dzikomo, Dorothea Lange, wojambula wolembedwa nchito ndi boma, anafika ku Nipomo m'dera la California, pa misasa ya anthu othyola nsawawa, mbeu zitafa ndi cisanu. Pomwepo anapeza mai wa zaka 32 ndi ana ace m'hema, namjambula kangapo, alikusendera pafupi. M'cithunzi ca patali tiona hema, mitengo, bokosi la zobvala ndi mtsikana wamkuru pampando. Maso athu angomwazika, ndipo mtima sugwidwa. M'cithunzi cimene cidachuka zonsezi zatsala kunja. Tiona nkhope ya mai yokha, dzanja pacibwano, ana awiri obisa nkhope pa mapewa ace, ndi khanda pamiyendo.

Pa ici timuyamika wojambulayo, pakuti anacita monga mlimi wopalira udzu kuti cimanga cioneke. Nyuzipepala ya ku San Francisco itasindikiza zithunzi zace, boma linatumiza cakudya ku misasako.

Koma zilipo zotidandaulitsa. Mu 1939 anafafanizitsa cala cacikuru ca maiyo cimene cinaoneka pa mtengo wa hema, poti cinaipitsa cithunzi. Kusankha poima ndiyo nchito ya wojambula, koma kucotsa cimene cinalipo sitikubvomereza iai. Ndiponso woona cithunzico ayesa kuti maiyo ngwosiyidwa yekha, pamene apabanja pace anafotokoza pambuyo pace kuti mwamuna ndi anyamata anapita kumzinda kukakonzetsa galimoto. Ngakhale dzina lace silinalembedwe. Dziko lonse linadziwa nkhope yace, koma kuti ndiye Florence Owens Thompson, wa mtundu wa Cherokee, kunamveka mu 1978, ndipo mwini wace anadandaula kuti sanapindule naco kanthu.

Tsono sitinena kuti cithunzico ncabodza. Umphawi wa maiyo unali woona. Tinena kuti mboni yasimba mbali imodzi ya mlandu. Cifukwa cace, poona cithunzithunzi m'buku kapena m'nyuzipepala, tidzifunse kuti, Wojambula anaima pati, ndipo anasiya yani kunja?