Kodi Lalakwa ndi Buku, Kapena Ndife Awerengi?

Kuyambira m'chaka cha 1961 kufikira m'chaka cha 2017, mlembi wa ku England, John le Carré, analemba mabuku 9 m'mene mumapezeka kazitape wofatsa uja, George Smiley. Mwa mabuku onsewa, limodzi limene lagawanitsa awerengi kwambiri ndi The Looking Glass War, la m'chaka cha 1965. Ena amati ndi logwetsa ulesi, ena amati ndilo loona koposa onse. Nkwabwino kuti timve mbali zonse ziwiri tisanagamule mlandu.

Tiyambe takumbukira nyengo imene bukuli linabadwira. Khoma la ku Berlin linamangidwa mu 1961, ndipo maiko a kuzambwe ndi a kuvuma ankayang'anizana ngati atambala awiri m'khola limodzi. Mu 1963 le Carré, amene dzina lake lenileni linali David Cornwell ndipo anagwirapo ntchito ya ukazitape ku MI5 ndi ku MI6, anatulutsa The Spy Who Came in from the Cold. Bukulo linagulidwa ponseponse. Anthu ambiri analiwerenga nkumasilira kuchenjera kwa akazitape a ku London, pamene mwini wake anafuna kuti anyansidwe nako. Tsono anaganiza zolemba lina losapatsa munthu mpata wosilira.

Nthano yake ndi iyi. Ku London kuli kabungwe ka akazitape a zankhondo kamene kanachita zazikulu pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, koma tsopano katha mphamvu, ndipo akuluakulu ake angotsala ndi zikumbukiro. Pamene kufika mphekesera yakuti mizinga ya Soviet Union yabisidwa pafupi ndi Rostock, ku East Germany, mkulu wa kabungweko, Leclerc, aona mwayi woti ulemu wake ubwerere. Umboni wake ndi zithunzi zosaoneka bwino. Komabe aitana Fred Leiser, wobadwira ku Poland, amene anawatumikirapo zaka 20 zapitazo, namuphunzitsa mothamanga, namupatsa wailesi yakale yotumizira mauthenga, namuolotsa malire. Leiser apha mlonda wachinyamata, wailesi yake imuulula, ndipo Smiley atumidwa kukauza anzake a Leiser kuti alongedze katundu abwerere kwawo. Leiser atsala yekha, akutumizabe mauthenga kwa anthu amene sakumumveranso.

Nanga odandaula amati chiyani? Poyamba, amati nkhani ikuyenda ngati nkhono: masamba ambiri athera pa mikangano ya m'maofesi ndi pa maphunziro a Leiser. Kachiwiri, amati mulibe ngwazi yoti munthu aikonde. Kachitatu, ndipo apa mpamene pawawa, amati Smiley wawo waonekera pang'ono chabe, ndipo ngakhale pang'ono pomwepo wabwera ndi mtima wozizira. Madandaulo amenewa sali opanda pake. Nzoona kuti pakati pa bukuli pali madera olemetsa maso, ndiponso akazi a m'nthanoyi sanapatsidwe moyo wokwanira. Ali ngati mithunzi yodutsa kumbuyo kwa amuna awo.

Koma dandaulo lachitatu lija liyenera kufunsidwa bwino. Munthu akawerenga mabuku angapo a mpambo umodzi, amayamba kumuona mwini nkhani ngati mbale wake, ndipo mbale sitifuna kumupeza m'gulu la ochita zoipa. Apa le Carré wamuika Smiley pakhomo pomwe munthu akugulitsidwa, ali chete, akuchita zimene watumidwa ndi mau aulemu. Kodi mlembi wamuipitsa Smiley? Kapena watisonyeza chimene tinkakana kuona kuyambira kale, kuti munthu wofatsa, wophunzira ndi wachifundo angathe kukhala dzanja la nkhanza pamene ofesi yamutuma? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale ulesi umene awerengi amaudandaula uli ndi ntchito yake. Masamba a mikangano ya m'maofesi aja ndiwo akutionetsa chimene chinawononga Leiser. Adani anangotsiriza ntchito imene inayambidwa ndi amuna okalamba olimbirana galimoto ya boma, ndalama za ofesi ndi mpando pamsonkhano. Palibe mmodzi wa iwo amene anadzuka m'mawa nati lero ndipha munthu. Aliyense anangowonjezera bodza laling'ono pa la mnzake, mpaka onse anakhulupirira. Mnyamata John Avery, amene anapalana ubwenzi ndi Leiser kuti amulimbitse mtima, ndiye yekha azindikira kuti chikondi chake chomwe chinali nyambo. Wowerenga amene wagwirapo ntchito m'bungwe lililonse lalikulu adzaizindikira nthenda imeneyi, pakuti siikhala mwa akazitape okha.

Le Carré mwini wake ananena pambuyo pake kuti bukuli linayandikira kwambiri ku zimene anaziona pa ntchito yake kuposa lija linamutchukitsa. Iye anamwalira mu December 2020, ndipo Khoma la ku Berlin linagwa kale mu 1989, koma mkangano wa awerengi ukadalipo.

Motero, owerenga okondedwa, ngati mufuna buku lokuthamangitsani magazi usiku umodzi, ili lidzakukhumudwitsani, ndipo simudzalakwa kunena choncho. Koma musanaliponye pansi, dzifunseni ngati mwakwiya ndi kalembedwe kake kapena ndi zimene lakuuzani. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo funso limene bukuli lisiya m'manja mwathu ndi lolemera: kodi ndani amene ali kutsidya kwa malire chifukwa cha ulemu wathu, akuitana, ife titatseka kale wailesi?