Luso la Osema Nkhope za Atsogoleri a America

Ziboliboli zamatabwa za atsogoleri oyambirira a dziko la America zinabadwira kumadoko. M'mizinda ya Philadelphia, Boston ndi Salem munali amisiri osema zithunzi zokhomera kutsogolo kwa sitima zapamadzi, ndipo anthu atafuna kuona nkhope ya George Washington poyera, anapita kwa amisiri omwewo. Anthu odziwa kusema mwala wa mabo anali osowa, pamene mitengo ya paini inali mbwee. Paini ndi wofewa, samenyana ndi tchizulo, koma akauma amang'aluka, choncho osema ankakonda kugoba chiboliboli chachikulu m'kati n'kuchipaka penti yochiteteza.

Katswiri pa onsewa anali William Rush wa ku Philadelphia, amene anabadwa mu 1756 n'kumwalira mu 1833. Chiboliboli cha Washington chimene anasema mu 1815 ndi chachitali ngati munthu. Mwendo wina uli patsogolo, thupi lapotoka pang'ono, ndipo chovala chapindikapindika ngati chikuwombedwa ndi mphepo. Apa m'pamene pakuonekera dzanja la munthu wozolowera sitima: chithunzi cha kutsogolo kwa chombo chimayenera kuoneka chamoyo ngakhale kwa munthu woima patali pagombe, motero Rush ankasema mozama kuti mithunzi izioneka bwino. Washington wakeyu akuoneka ngati wayamba kale kuyenda.

Chodandaulitsa ndi penti. Chibolibolichi chinapakidwa yoyera kuti chifanane ndi mabo wa ku Ulaya, ngati kuti thabwa ndi lochititsa manyazi. Penti ikachuluka imakwirira mizere ya tchizulo, pomwe luso la mmisiri limaonekera m'mizere imeneyo.

Samuel McIntire wa ku Salem anatenga njira ina. Mu 1805 anasema nkhope ya Washington yoyang'ana kumbali, yoika pachipata cha bwalo la mzindawo. Ntchito yake ndi yodekha, ya munthu wozolowera kukongoletsa nyumba, koma ilibe mphamvu ngati ya Rush.

Anthu sankaona ziboliboli zimenezi ngati zokongoletsa chabe. Mu 1834 Laban Beecher anasema chiboliboli cha Pulezidenti Andrew Jackson kuti chikhomedwe kutsogolo kwa sitima yankhondo ya Constitution ku Boston, mzinda umene ambiri ankadana ndi Jackson. Usiku wina chaka chomwecho, munthu wina dzina lake Samuel Dewey anapalasa bwato mpaka pasitimayo n'kucheka mutu wa chibolibolicho ndi sowo.