Zala Khumi za Mnyamata wa Pakiyibodi

Anthu akamavina pamchenga ku Senga Bay Loweruka usiku, maso onse amakhala pa woimba wakutsogolo. Ine anga amathawira kwa mnyamata wa pakiyibodi, uja amabisika kuseri kwa sipika, thukuta lili kamukamu.

M'zaka za m'ma 1970, Barry White ankaimba ndi gulu lake la Love Unlimited Orchestra, anthu okwana 40, mavayolini ali mbwee. Kuno ntchito yonseyo yatsalira zala khumi. Dzanja lamanzere limayala pansi, kuti mawu okhuthala a woimba apeze potsamira. Lamanja limakwera pang'onopang'ono, kukoka kulira kwa mavayolini mpaka tsitsi kukuyimirira, kenaka n'kukugwetsa ndendende pomwe ng'oma yagunda. Mnyamatayu akangochedwa pang'ono, miyendo ya ovina imasokonekera. Ndiye pali mwera, umene umamwaza mawu opyapyala n'kuwataya kunyanja. Iye amadziwa pokweza, koma woimba samuphimba ayi.

Mutamuchotsapo, mutsala ndi kugunda kwa ng'oma ndi kukuwa basi. Abambo ndi amayi achikulire aja amati akamva mavayolini amasiya chambo chikuzizira m'mbale n'kukagwirana m'chiuno, amenewo sangadzukenso pampando.